Kalabu ya maboti a mathanga ku Senga Bay: tikutsegula nyengo Loweruka pa 3 Meyi

Mlembi · Lolemba 21 Epulo, 6:42
Mwadzuka bwanji nonse. Komiti inakumana dzulo madzulo ndipo tamanga chimodzi: nyengo ya chaka chino titsegula Loweruka pa 3 Meyi. Mvula yaleka, matope amene mtsinje wa Linthipe umathira m'nyanja ayamba kukhazikika pansi, ndipo tikufuna kuti mwera ukamadzalimba ana akhale atazolowera kale chingwe ndi tsigiro. Loweruka likudzali, pa 26 Epulo, ndi tsiku la ntchito pashedi. Tiyamba 7 koloko. Bwerani ndi sandipepala, burashi, nyundo ndi singano yosokera matumba. Amene alibe chida abwere ndi manja ake, ntchito ilipo yokwanira aliyense.

Kochi wa Ana · 7:05
Ndinatsegula shedi Lachisanu kuti ndione zomwe dzinja latisiyira, ndipo ndinene mosabisa. Pa ma Optimist 6 aja, maboti ang'onoang'ono a ana, 4 ali bwino, angofuna kutsuka. Limodzi lang'ambika pansi, pafupi ndi bokosi lomwe timalowetsamo thabwa lapakati. Mng'alu wake ndi wotalika ngati chikhatho, ndipo nditaunika ndi tochi ya foni kuwala kunatulukira mbali inayo. Linalo thabwa loimikira mlongoti ladyedwa ndi chiswe, ukadina ndi chala chikungolowa ngati m'chinangwa chophika.

Thanga la Laser, boti lokulirapo lija, tinalakwitsa tokha, tinalikulunga n'kuliika pansi m'malo molipachika. Makoswe aswera momwemo ndipo aboola malo 3. Majekete oyandamitsa tili nawo 11, koma 4 malamba ake athetheka ndi dzuwa, ukakoka akuduka. Injini ya boti lopulumutsira yalira nditakoka kachisanu, koma ikufuna pulagi yatsopano.

Bambo a Yamikani · 7:31
Zikomo a Kochi. Koma shediyo ikhala pomwepo mpaka liti? Chaka chatha tinkalowamo titapinda mathalauza mpaka m'maondo. Mu Epulo 2024 nyanja inafika pomwe ambirife sitinaionepo, malo ogona alendo kuno ku Salima, ku Mangochi ndi ku Nkhotakota madzi analowa mpaka m'zipinda. Ndaona chithunzi chomwe mwatumizacho, gombe lathu likadali lopapatiza.

Wapampando · 8:10
Bambo a Yamikani, funso lanu ndi lomveka. Akuluakulu amene anali pano mu 1980 amati madzi anafikanso cha pomwepa, pansi pa mkuyu waukulu uja. Ife tinamanga shedi nyanja itaphwa, tinaiwala kuti madzi saiwala khwawa. Nyanjayi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, mtsinje wa Shire ku Mangochi, ndipo ku Liwonde kuli Kamuzu Barrage yomwe imaongolera madzi opita kumakina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi ambiri satuluka n'komwe, amauma ndi dzuwa ndi mphepo. N'chifukwa chake chaka chilichonse nyanja imafika pachimake cha mu Epulo kapena Meyi, kenako imatsika pang'onopang'ono mpaka mvula ina itayandikira. Ndiye zomwe mukuona panopa ndi pamwamba pake penipeni.

Ndalama zosamutsira shedi tilibe. Chomwe tingathe ndi kumanga thandala la mitengo ya bulugamu m'kati mwa shedi, ngati lija amayanikirapo usipa koma lolimba, maboti azigona pamwamba mozondotsa.

Msungichuma · 9:02
Poti za ndalama zatchulidwa, ndiike poyera. M'thumba muli K212,000. Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera: guluu ndi nsalu ya fibreglass, zingwe, ngakhale pulagi imene a Kochi akunenayo. Boti lopulumutsira limamwa pafupifupi malita 5 a petulo Loweruka lililonse, ndipo popanda botilo palibe mwana wolowa m'madzi. Komiti ikupempha kuti ndalama ya umembala wa banja ichoke pa K30,000 ifike pa K45,000 pachaka. Ana a m'mudzi muno apitirize kuphunzira osalipira monga kale. Ndikudikira maganizo anu.

Bambo a Yamikani · 9:40
K45,000 ndilipira, palibe vuto. Koma achemwali, ndiloleni ndinene chomwe chili kumtima, ndipo ndikupempha musandimve molakwa. Ife timanyamuka ku Lilongwe m'bandakucha, makilomita opitirira 100, mafuta athu. Kawiri chaka chatha tinafika n'kupeza maboti onse ali pamadzi, Yamikani anakhala pamchenga mpaka 11 koloko. Zida zikutha msanga chifukwa zikugwira ntchito sabata iliyonse, koma olipira ndi ochepa omwewo. Bwanji makolo a ana a pagombe nawonso asamaponyeko kangachepe, ngakhale K500 pamwezi? Chinthu chaulere anthu sachisamala.

Make Tadala · 10:26
Bambo a Yamikani, ndawerenga kawiri uthenga wanu ndisanayankhe. Ine ndimagulitsa usipa. Ndimadzuka 4 koloko kukadikira maboti a kauni, aja osodza usiku ndi nyali, ndimayanika, ndimapita nawo ku Salima pa minibasi. Tsiku lina phindu langa lonse ndi K2,000, tsiku lina palibe. Sindikudandaula, ndikungofuna mudziwe kumene K500 mukunenayo ingachokere.

Mwati chaulere anthu sachisamala. Kuyambira Disembala mpaka sabata yatha, ndani amabwera kudzataya madzi a mvula m'maboti? Denga la shedi linasasuka pakona usiku wina mu Febuluwale, amene anathamanga m'mawa kukanyamula mathanga kupita nawo kukhonde kwa a Kochi ndi Tadala ndi anzake atatu, mvula ikuwakwapula. Mwana wanga ali ndi zaka 11. Anabadwira mamita ochepa kuchokera pamadzi, koma mpaka chaka chathachi nyanja kwa iye inali potsukira mbale ndi pochapira basi, chifukwa kuno mwana wamkazi sakwera bwato la usodzi. Tsiku loyamba kubwera kuchokera ku kalabu sanagone, amangondifotokozera mmene thanga limanjenjemerera ukaloza kwambiri kumphepo. Mukaika ndalama, anyamata ena apeza njira, agulitsa nyambo kapena akapa madzi m'maboti a anthu. Atsikana ndi amene atsale kunyumba.

Anamwino · 10:33
Zoona zimenezo mayi. Mwanena zomwe ambiri timaziona.

Kochi wa Ana · 10:51
Ndionjezepo pang'ono. Masabata ambiri chaka chatha, makamaka petulo atasowa, mamembala a m'tauni sanathe kubwera. Kalabu sinatseke ngakhale tsiku limodzi chifukwa ana a pano analipo. Boti la pulayiwudi kapena fibreglass likakhala miyezi osaligwira limaonongeka kuposa loyenda, chifukwa woyendetsa amaona msanga pomwe payamba kufooka. Mng'alu ndanena uja anandiuza ndi mnyamata wa sitandade 6, ine ndisanauone.

Koma dandaulo la Bambo a Yamikani pa kudikira ndi loona, ndipo vutolo ndi langa. Sindinkalemba ndondomeko. Chaka chino tigawa magulu awiri, 8 koloko ndi 10 koloko, ndipo aliyense alembetse pano pofika Lachinayi madzulo. Ndikufunanso kuti tisamagawe ana kuti awa a m'tauni, awa a m'mudzi. Tiwasakanize.

Bambo a Yamikani · 12:15
Make Tadala, pepani. Za denga lija sindinkadziwa, ndipo ndinalankhula ndisanafunse. Ndabweza mawu anga a K500. Ngati pali ndondomeko ya maina, ine ndakhutira. Pulagi ndi malamba a majekete 4 aja ndigula ineyo, ndibwera nazo Loweruka.

Make Tadala · 12:22
Palibe kanthu bambo, tamvana. Yamikani akabwera adzadye nsima kwathu, Tadala amamufunsa.

Achimwene a ku Glasgow · 14:48
Moni nonse kumudzi. Ndikuwerenga ndili pa nthawi yopuma kuntchito ndipo mtima wapita kunyanja. Kunonso makalabu a pa mtsinje wa Clyde amatsegula mwezi uno chisanu chikatha, ndipo chiyambi chake ndi chomwechi: tsiku la ntchito, kutsuka, kupenta, kukangana za ndalama. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno madzi amazizira moti mwana akagwamo popanda zovala zapadera mphindi zochepa manja amauma. Ife tili ndi madzi ofunda chaka chonse, ndi mwayi waukulu umene sitiuwerengera.

Ndapempha kwa anzanga ndipo ndapeza mathanga 2 a Optimist, akale koma osang'ambika, ndi majekete 6 a ana. Pali mlamu wanga akubwera mu Juni, awanyamula. Tsiku lililonse popita kuntchito ndimadutsa ku Scotstoun, pomwe kampani ya Yarrow inapangira sitima ya Ilala mu 1949 isanatumizidwe zidutswazidutswa kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, n'kuyamba kuyenda mu 1951. Ndikadutsapo ndimakumbukira kulira kwa hutala yake usiku ku Chipoka tili ana.

Mlembi · 15:03
Achimwene, Mulungu akudalitseni. Majekete 6 amenewo asintha zambiri.

Bambo a Chisomo · 17:20
Ndine watsopano pagulu pano, anandilowetsa ndi a Msungichuma. Ndikufuna mwana wanga wa zaka 9 ayambe, koma ndili ndi mafunso awiri. Loyamba, boti lopanda injini, lopanda nkhafi, mphepo ikamachokera kumtunda limabwerera bwanji kugombe? Lachiwiri, likagubuduka?

Kochi wa Ana · 18:02
Takulandirani Bambo a Chisomo, mwachita bwino kufunsa. Boti la thanga silingalunjike kumene mphepo ikuchokera. Ukaliloza komweko thanga limangokupiza ngati nsalu pachingwe choyanikira ndipo boti limaima. Koma ukalipendeketsa pang'ono, pafupifupi madigiri 45 kuchokera komwe mphepo ikuchokera, n'kukoka chingwe kuti thanga lilimbe, mphepo imadutsa mbali zonse ziwiri za thangalo n'kulikokera kutsogolo ndi cham'mbali. Apa m'pomwe thabwa lapakati limagwira ntchito: limalowa pansi m'madzi ngati mpeni, limakaniza boti kutsetsereka cham'mbali, ndiye mphamvu yotsalayo imapita kutsogolo. Mwana amayenda chopingasa kumanja, n'kutembenuka, chopingasa kumanzere, monga mmene munthu wosenza katundu amakwerera phiri mokhotakhota. Akatembenuka ayenera kuwerama, chifukwa mtengo wapansi wa thanga umadutsa pamwamba pa mutu. Chiphuphu choyamba pamphumi pafupifupi aliyense amachipeza, chachiwiri n'chosowa.

Optimist ndi boti lopangidwira ana. Analikonza ndi Clark Mills ku Florida mu 1947, kutalika kwake ndi mamita 2.3, kulemera makilogalamu 35 okha, ndipo m'kati muli matumba a mpweya moti ngakhale litadzaza madzi silimira. Kugubuduka timakuphunzitsa dala tsiku loyamba, pamadzi ofika m'chifuwa, ine nditaima pomwepo. Mwana amagwetsa boti yekha, amasambira kuzungulira kumbuyo atagwira chingwe, amagwira thabwa lapakati n'kulikanikiza pansi ndi thupi lake, boti limadzuka. Amakwera chakumbuyo n'kuyamba kukapa madzi ndi chigubu chodula chomwe timachimangirira ndi kachingwe. Lamulo lalikulu ndi limodzi: usasiye boti n'kumasambira kupita kumtunda. Boti timaliona patali, mutu wa mwana pakati pa mafunde suoneka.

Asanakwere n'komwe, mwana aliyense asambire mamita 50 ndi kuyandama malo amodzi mphindi 2, atavala jekete. Izi ndi za onse, ngakhale amene anayesedwa chaka chatha.

Mlovi wa pa Doko · 18:40
A Kochi, ana athu a pano amasambira asanayambe sukulu. Kuwayesa n'kutaya nthawi. Ndipo jekete ena amachita nalo manyazi, anzawo amawaseka kuti ndi amantha.

Make Tadala · 19:14
Achimwene, inuyo mukudziwa za mlongo wanga. Pagombe lino panalibe womuposa kusambira, ankamira kukamasula nangula pomwe ena alephera. Mwera unawapeza usiku mu Julayi akuchokera kosodza ndi ukonde wa chilimira, boti linadzaza, anzake awiri anagwira chigubu cha mafuta n'kupulumuka. Iye anati asambire akaitane anthu. Tinamupeza patapita masiku atatu. Kusambira masana pafupi ndi gombe ndi kwina, kulimbana ndi mafunde utatopa, madzi akukumenya kumaso, ndi kwinanso. Tadala akakwera boti popanda jekete ngakhale tsiku limodzi, ndidzamuchotsa ndekha ku kalabu.

Mlovi wa pa Doko · 19:31
Chemwali, ndakumvani. Ndinali nawo pomufunafuna. Sinditsutsanso.

Wapampando · 19:50
Lamulo la jekete silikambidwanso, ndi la ana ndi akulu omwe, ine ndemwe. Nyanja ino inatenga Vipya pa 30 Julayi 1946 kumpoto cha ku Chilumba, sitima yachitsulo yatsopano, anthu 145 anatsikira momwemo. Mu 1895 inatenga Bishopu Chauncy Maples, boti lake la thanga litagubuduka ndi namondwe. Anthu a kuno amene anali nawo anasambira n'kufika kumtunda, iye mkanjo unamulemera, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota. Nkhani ya mkanjoyo makolo muimve bwino: mwana asabwere ndi jinzi, juzi yaubweya kapena chitenje chomanga m'chiuno. Kabudula ndi malaya opepuka, atsikana akhoza kuvala kabudula wautali wofika m'maondo.

Agogo (akulemba ndi mdzukulu wawo) · Lachiwiri 22 Epulo, 6:15
Ndawawerengera agogo zonse usiku, ndiye akuti ndilembe mawu awo mmene akunenera.

Akuti: Ana anga, ndamva mukuopa mwera, ndipo mukuchita bwino. Koma mwera ndi mdani wobwera akuimba. Umachokera kumwera chakum'mawa, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo ukayamba umatha masiku atatu kapena kuposa. Usanafike umatumiza amithenga. M'mawa kumazizira mpaka m'mafupa, kutsidya kumachita chifunga, ndipo mafunde aataliatali amayamba kufika pagombe mphepo kulibe. Ukaona bwato lomangidwa pa nangula likugwedeza mutu pamene tsamba la mtengo silikugwedezeka, dziwa kuti kumwera kwayamba kale. Komanso pagombe lathuli mwera umakankhira kumtunda. Mwana akagubuduka, iye ndi boti lake abwera okha kwa amake.

Imene ine ndimaopera ana ndi zambwe, yochokera kumtunda, kumadzulo. Imeneyo ndi yachinyengo. Pafupi ndi gombe madzi amakhala bata ngati m'mbale, chifukwa mitengo ndi phiri la Senga zatchinga. Mwana amakondwa, boti likuthamanga lokha mphepo ili kumsana. Akadutsa chilumba cha Namalenje m'pomwe amaipeza mphamvu yake, ndipo akati atembenuke manja atopa kale. Kutsogolo kwake kulibe kanthu mpaka kutsidya. Mpoto ndi wa nthawi ya mvula, umabwera ndi mitambo yakuda ndi ziphaliwali, nyengo yanuyi simukumana nawo kwambiri. Vuma wa kum'mawa ndiye bwenzi la ophunzira.

Chinanso. Ndimamva anthu pamsika akuti mathanga ndi masewera a azungu. Amenewo sanafunse. Zombo za mathanga zinkaoloka nyanja ino kuchokera ku Nkhotakota nthawi ya a Jumbe, Livingstone asanaione mu 1859. Zinanyamula zoipa, zinanyamula anthu ogulitsidwa, zimenezo sitibisa. Koma luso la mphepo linatsala m'manja mwa anthu a m'mbali mwa nyanja, ndipo ku Likoma ndi Chizumulu zombo zotere zikuyendabe. Bambo anga ankasoka thanga la matumba a ufa, n'kuliimika pa nsungwi, ndipo tinkapita ku chilumba cha Mbenje osagwira nkhafi. Injini zitabwera anyamata analeka kuyang'ana kumwamba. Lero petulo akasowa maboti amangogona pamchenga, mphepo ikuomba yaulere.

Achimwene a ku Glasgow · 6:58
Agogo, mawu amenewa ndawasunga. Za zambwe zija n'zomwenso amaphunzitsa kuno tsiku loyamba, kuti mphepo yochokera kumtunda ndiyo imapha ophunzira. Inu munazidziwa popanda buku.

Kochi wa Ana · 7:20
Ndili ndi pempho kwa komiti. Machenjezo a nthambi ya zanyengo timawatsatira pa wailesi ndi pa foni, ndipo akalengeza mwera sitilowa m'madzi. Koma iwo amanena za nyanja yonse, makilomita opitirira 500, pomwe agogo amanena za gombe lino. Ndikupempha kuti Loweruka lililonse agogo ndi amene azisankha mbendera: yobiriwira onse alowe, yachikasu akuluakulu okha ndi ana ozolowera, yofiira palibe wolowa. Ndiponso mphindi 15 zoyamba ana azikhala nawo pansi pa mkuyu, aziwauza mayina a mphepo ndi zizindikiro zake.

Wapampando · 7:44
Ndavomera ndi manja awiri. A Msungichuma, tione kangachepe ka sopo ka agogo mwezi uliwonse.

Agogo (akulemba ndi mdzukulu wawo) · 8:30
Akuti avomera, koma akaika yofiira pasapezeke wina wochokera kutali wonena kuti ndaononga mafuta anga, tilowe basi.

Bambo a Yamikani · 8:37
Agogo, amene akanatero ndi ine, ndipo ndikulonjeza pamaso pa gulu kuti sindidzatero. Ikakhala yofiira tizikhala nanu pansi pa mkuyu.

Mlovi wa pa Doko · 11:05
Ine ndili ndi nkhani ina, ya ife asodzi. Chaka chatha Laser inadutsa pa matchera a mkulu wina, thabwa lapansi linakola ukonde n'kung'amba mikono ingapo. Munalipira, inde, koma mawu anatsala pa doko. Maboti a kauni amabwera pakati pa 5 ndi 7 koloko, ali olemera, alovi sanagone usiku wonse, sangathe kukhotera mwana amene wawadutsa kutsogolo. Matchera ambiri amakhala kumpoto kwa mwala waukulu uja, zizindikiro zake ndi zigubu ndi mabotolo oyandama. Nyengo ino anthu achepako chifukwa ambiri apita ku Mbenje, poti a mfumu Makanjira amatsegula chilumbachi mwezi uno chikakhala chotseka dzinja lonse, koma otsalawo alipo. Bwanji mubwere ku komiti ya pagombe tidzagwirizane malire musanatsegule?

Mlembi · 11:32
Achimwene mwatithandiza. Ine ndi a Wapampando tibwera Lachinayi madzulo, mutiuze nthawi yomwe akuluakulu a komitiyo amapezeka. Maganizo athu ndi oti tiziponya zigubu 3 zachikasu kumwera kwa mwalawo, ana azizungulira m'kati mwake mokha, ndipo tizizula tikamaweruka kuti zisasokoneze makoka.

Anamwino · 13:10
Ine ndikumbutse za likodzo. Nkhono zomwe zimafalitsa matendawa zimakonda madzi osaya, odekha, a bango ndi udzu, ndipo madzi atakwera chonchi malo otere achuluka kuseri kwa shedi. Ana asamasewere m'thamanda limenelo, azitsitsira maboti pamchenga poyera pomwe mafunde amamenya. Mwana akamakodza magazi kapena kumva kuwawa pokodza, musachite manyazi, mupite naye kuchipatala; mankhwala ake ndi praziquantel ndipo amamwa malinga ndi msinkhu kapena kulemera kwake, atadya kaye. Chimbudzi cha kalabu chikonzedwenso Loweruka, chifukwa matendawa amabwerera m'madzi kudzera mwa ife tomwe. Bokosi la mankhwala ndilidzaza ine. Madzulo dzuwa likapendeka pasakhale mwana cha kumabango, mvuu zimatuluka.

Mnyamata wa Laser · 16:45
A Kochi, nanga mpikisano waukulu wa mu Julayi uja, wochokera ku Mangochi kupita kumpoto? Ine ndakwanitsa zaka 17. Ndikufuna chaka chino ndikakwere nawo, ngakhale ngati wothandizira pa boti la munthu wina.

Kochi wa Ana · 17:12
Mphwanga, mtima umenewo ndaukonda. Koma ulendo umenewo ndi wa masiku angapo, mwera uli kumsana, mafunde otalika kuposa munthu, pa maboti a mapasa othamanga kwambiri. Undionetse kaye zinthu ziwiri pofika kumapeto kwa Juni: kudzutsa Laser wekha katatu motsatizana pa tsiku la mbendera yachikasu, ndi kuphunzitsa ana awiri atsopano mpaka azitembenuka okha. Ukatero ndidzakulankhulira kwa anthu amene ndimawadziwa.

Mnyamata wa Laser · 17:15
Ndavomera. Chisomo mundipatse ineyo.

Mlembi · Loweruka 26 Epulo, 17:40
Tsiku la ntchito latha bwino, tinalipo akulu 14 ndi ana 19. Thandala laimikidwa ndipo maboti onse agona pamwamba. Mng'alu uja a Kochi aupala mpaka kuyera, amata nsalu ya fibreglass magawo atatu, tiuyesa pamadzi Lachitatu ukauma. Thabwa la mlongoti latsopano atipalira ndi kalipentala wa maboti wa pa doko, la mlombwa, ndipo wakana kulandira ndalama. Thanga la Laser analisoka ndi Make Tadala atakhala pamphasa, zigamba zitatu zozungulira, ulusi wa ukonde, msoko wake wowirikiza kawiri moti a Kochi anakoka ndi mphamvu zonse osatheka. Agogo anakhala pambali akuphunzitsa ana mfundo yomangira bwato, ndipo Yamikani ndi Tadala anapikisana kuti amange ndani atatsinzina.

Malire ndi asodzi tagwirizana monga tinanenera. Chatsala ndi penti ya nambala za maboti ndi chitseko cha chimbudzi. Amene sanalipire umembala aonane ndi a Msungichuma.

Msungichuma · 18:02
Mabanja 9 alipira kale K45,000. Zikomo kwambiri. Petulo wa masabata 4 oyamba ndagula, ali m'zigubu kwa a Wapampando.

Kochi wa Ana · Lachinayi 1 Meyi, 19:30
Maina atsekedwa. Gulu la 8 koloko ana 6, gulu la 10 koloko ana 6, otsala 5 ayamba ndi kuyesedwa kusambira ndipo akwera masana mphepo ikalola. Atsikana alipo 7 chaka chino, chaka chatha anali 2. Optimist lomata lija lakhala pamadzi ola lathunthu dzulo, m'kati mouma.

Make Tadala · Loweruka 3 Meyi, 12:48
Ndasiya usipa pathandala ndi mnzanga kuti ndidzaone ndekha. Agogo anaika yobiriwira, kamphepo ka vuma. Tadala anagubuduza boti dala monga anauzidwira, mutu unasowa kuseri kwa boti ndipo ine mtima unaima, ndinapezeka ndalowa m'madzi mpaka m'maondo ndi chitenje changa. Kenako ndinaona timanja tiwiri tagwira thabwa lija, boti n'kudzuka, iye n'kukwera chakumbuyo n'kuyamba kukapa madzi osayang'ana n'komwe kumtunda. Atamaliza anakoka chingwe n'kulunjika kuchigubu chachiwiri, Chisomo akumutsatira pambuyo.

Bambo a Chisomo · 13:05
Wanga wapeza kale chiphuphu chake pamphumi, koma akukana kuvula jekete, akuti adya nalo nsima. Mawa tingabwerenso? Tagona konkuno.

Agogo (akulemba ndi mdzukulu wawo) · 17:52
Akuti mawa ayi. Apita kugombe madzulo ano ndipo mabwato a pa nangula ayamba kugwedeza mitu, kutsidya sikukuoneka. Akuti maboti onse akwezedwe pathandala usiku uno, ndipo achimwene a pa doko auze anzawo a kauni asapite kutali.

Kochi wa Ana · 17:58
Tamva agogo. Anyamata amene muli pafupi tikumane pashedi pompano kusanade, ma Optimist awiri akadali pamchenga.